Nyumba ya Amayi Inayambira Papepala

Kwathu ku Kandeu, m'boma la Ntcheu, tinakula tikuona nyumba zikujambulidwa pansi. Mwininyumba ndi mmisiri ankaima pamalo olambulidwa, wina atagwira kamtengo, wina chingwe, n'kumalemba pafumbi modutsa khoma ndi pokhala khomo. Akagwirizana ankakhoma zikhomo, m'mawa mwake makasu n'kuyamba kukumba maziko. Njira imeneyi inkayenda bwino chifukwa mwini ndalama, wodzagonamo ndi womanga, onse ankaima pabwalo limodzi n'kumaona mzere umodzi.

Kwa ife zinavutira pomwepo. Tinabadwa anayi. Achimwene athu aakulu amagwira ntchito ku Johannesburg, achemwali athu amaphunzitsa ku Lilongwe, ndipo awirife tili kumudzi ndi amayi. Khoma la nyumba yawo yakale litayamba kung'aluka, tinapangana kuwamangira ina ya njerwa zootcha ndi malata, ndipo zonse tinkakambirana pa WhatsApp. Achimwene anati nyumbayo ikhale ya mamita 9 m'litali ndi mamita 7 m'lifupi, zipinda zitatu kumbuyo, chilichonse cha mamita atatu, pabalaza kutsogolo. Tinali tisanaiwale za Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, choncho ndalama zoyamba zitafika tinathamangira kugula malata a mafiti 12 maziko asanakumbidwe n'komwe.

Mmisiri atabwera ndi tepi yake, anayang'ana malatawo, n'kupukusa mutu. Anati sadzakwanira denga la nyumba ya mulifupi wotero, ndiponso kuti zipinda zitatu za mamita atatu sizingalowe m'nyumba ya mamita 9. Tinawauza achimwene. Panapita masiku awiri ali chete, kenako anatumiza uthenga waufupi wopempha zithunzi za malisiti. Mawuwo anali aulemu, koma tonse tinamva chimene chinali kuseri kwake. Munthu amene akudya mkute kunja kwa dziko kuti atumize ndalama kwawo amakhala atamva nkhani zambiri za nyumba zimene zinamangidwa pa foni pokha. Amayi atamva, anangoti: “Ngati nyumbayi ikudanitsani, ana anga, ndisiyeni m'yakaleyi.” Usiku umenewo tinagwirizana kuti khasu lisagunde pansi kufikira tonse titaona nyumba imodzimodzi papepala.

Achemwali anatitumizira laputopu yawo yakale, ife n'kuyamba kufunafuna pulogalamu yojambulira. Aliyense amene tinamufunsa ankatchula AutoCAD, ya kampani ya Autodesk, yomwe akatswiri akhala akugwiritsa ntchito kuyambira mu 1982. Imalipiridwa m'madola, mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, ndipo kuidziwa bwino kumafuna miyezi. Mnyamata wina anati angatiikire yobedwa pamtengo wochepa. Tinakana, pakuti sitinafune kuti nyumba ya amayi iyambire pa chinthu chimene mwini wake sanatilole. Tinayesa SketchUp, yomwe Google inagulitsa ku kampani ya Trimble mu 2012. Yaulere yake imafuna intaneti nthawi yonse imene ukujambula, ndipo bandulo yathu inatha tisanamalize makoma anayi. Timapulogalamu ta pa foni tinkaoneka tofewa, koma chala chinkaphonya mzere pagalasi laling'ono, ndipo tina mwa ito tinkapempha ndalama panthawi yoti pulani ituluke.

Titatopa, tinakhala pansi n'kulemba zimene tinkafunadi. Pulogalamuyo ikhale yaulere mwachilolezo cha eni ake, igwire ntchito popanda intaneti, isalemere pa kompyuta yokalamba, izilemba miyeso, ndipo itulutse pepala loti mmisiri aike m'thumba. Titafufuza motero tinapeza ziwiri, ndipo achemwali anatikoperera ku Lilongwe n'kutitumizira pa fulashi.

Yoyamba ndi Sweet Home 3D, imene anailemba ndi Emmanuel Puybaret wa ku France. Umakoka mzere, iyo n'kuusandutsa khoma la kuchindikala kumene wasankha. Zitseko, mazenera, mabedi ndi matebulo zilimo kale, umangotenga n'kuika pamene ukufuna. Pamwamba umaona pulani ngati mmene mbalame ingaonere nyumba yopanda denga, pansi pake nyumba yomweyo itaimirira, ndipo ungathe kuyendamo chipinda ndi chipinda. Mawu ake ndi a Chingerezi, koma pofika tsiku lachitatu tinali titazolowera.

Apa m'pamene tinamvetsa mawu a mmisiri uja. Khoma lakunja la njerwa, limene amisiri amati la mainchesi 9, limadya masentimita 23, ndipo la m'kati limadya theka lake. Makoma awiri akunja ndi awiri a m'kati amatenga masentimita 69. Pa mamita 9 pamatsala mamita 8.31, kutanthauza kuti chipinda chilichonse chimakhala cha mamita 2.77. Achimwene ankawerenga m'kati mwa zipinda, mmisiri ankayeza kunja kwa nyumba, ndipo panalibe wonama pakati pawo. Pafumbi kapena papepala la m'kope khoma ndi kamzere kopyapyala, koma pulogalamuyi sikulola kuiwala kuti khoma lili ndi thupi.

Denga silijambulika mosavuta mu Sweet Home 3D, choncho tinatenga yachiwiri, LibreCAD. Iyi ilibe mipando kapena mitundu yokopa maso. Ndi ya mizere ndi manambala basi, ndipo masiku oyamba inatiumira. Ubwino wake ndi woti ukalemba kuti mzere ukhale wa mamita 3.5, umakhaladi wotero. Tinajambula nyumbayo ngati taidula pakati. Kuchokera kukhoma kufika pakati pa nyumba ndi mamita 3.5, ndipo msonga ya denga tinaikweza ndi mamita 1.3. Mzere wotsetsereka unatuluka wa mamita 3.73. Lata la mafiti 12 ndi mamita 3.66, ndiye kuti silikanafika ngakhale pakhoma penipenipo, osanena za theka la mita limene limafunika kuti mvula izigwera kutali ndi maziko. Ofunika anali a mafiti 14, omwe ndi mamita 4.27. Kulakwa kunali kwathu, ogula tisanayeze. Safunsa anadya phula.

Mapepala awiriwo tinawasunga ngati PDF n'kuwatumiza ku Johannesburg. Achimwene anaimba foni usiku womwewo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'milungu itatu tinakambirana za nyumba m'malo mokambirana za ndalama. Anafunsa ngati bedi lalikulu lingalowe m'chipinda cha amayi. Tinaliikamo iwo akadali pa foni, n'kuwatumizira chithunzi. Za malisiti sanatchulenso.

Amene anaisintha kwambiri pulaniyo ndi amayi. Tinawaikira laputopu pamphasa n'kuwayendetsa m'nyumba yawo yosamangidwayo. Anayang'ana mofatsa, kenako anafunsa kuti utsi wa nkhuni uzidzatulukira pati, popeza ife tinali titaika khitchini m'kati monga nyumba za m'tauni. Anafunsanso kumene amayi anzawo azidzakhala pa tsiku la sadaka kapena la maliro amuna atadzaza pabalaza, ndi chifukwa chimene khomo la chipinda chawo linkapenyana ndi khomo lolowera alendo. Khitchini inatuluka panja, khonde lakumbuyo linabadwa, khomo linasunthidwa. Zonsezi zinatenga madzulo amodzi. Zikanakhala kuti makoma aima kale, kusintha kumeneku kukanafuna nyundo ndi matumba ena a simenti.

Iwo omwewo ndi amene anakumbutsa za Qibla, kuti malo awo opempherera alunjike bwino ndiponso kuti chimbudzi chisayang'ane kapena kufulatira kumeneko. Kuchokera kuno ku Ntcheu, Qibla ili pafupifupi madigiri 8 kum'mawa kwa kumpoto kwenikweni. Kampasi ya pa foni sitinaikhulupirire kwathunthu, chifukwa imasokonezeka pafupi ndi zitsulo. Koma pali njira imene sifuna chida. Kawiri pa chaka dzuwa limakhala paliwombo pa Kaaba: pa 27 kapena 28 Meyi nthawi ya 11:18 m'mawa, ndi pa 15 kapena 16 Julaye nthawi ya 11:27, pa nthawi ya kuno ku Malawi. Pa mphindi imeneyo, amene wayang'ana kumene kuli dzuwa wayang'ana ku Qibla. Tinazika mtengo woongoka pamalo omangapo, n'kukhoma zikhomo motsata mthunzi wake. Sweet Home 3D ili ndi chizindikiro cholozera kumpoto, ndipo tinachitembenuza kuti pepala ligwirizane ndi zikhomozo. Chimbudzi tinachiika chopingasa, kutali ndi chitsime ndi mamita 30 monga amalangizira a zaumoyo.

Kenako pepalalo linakumana ndi mmisiri. Tinakalisindikiza ku boma pa sikelo ya 1:100, imene sentimita imodzi imaimira mita imodzi, moti nyumba yonse inakwana pa pepala la A4. Iye anaphunzira ntchito m'mafiti ndi mainchesi, ndipo malata ndi matabwa amagulitsidwanso motero. Popeza pulogalamuyi imalola kusintha muyeso, tinasindikiza mapepala awiri, lina la mamita lina la mafiti. Anatichenjeza kuti makina osindikizira nthawi zina amachepetsa chithunzi kuti chikwane pa pepala, choncho iye amatsata manambala olembedwa, osayeza pepalalo ndi rula. Ngodya za nyumba anaziongola ndi chingwe, mafiti atatu mbali iyi, anayi mbali iyo, asanu kudutsa pakati, njira imene amisiri anaidziwa kompyuta isanabwere.

Atakumba pang'ono pakona yakumunsi anatiitana. “Ana inu, kompyuta yanuyi inakuuzani kuti pano pali makande?” Dothi lotero limafufuma nthawi ya dzinja n'kung'aluka m'chilimwe, ndipo ndilo linang'amba nyumba yakale ija. Anati maziko azame kuposa mmene tinkaganizira, ndipo pamwamba pa zitseko ndi mazenera padutse lintala yozungulira nyumba yonse. Palibe mzere wa papepala lathu umene ukanatiuza zimenezi.

Owerenga anzathu amene muli ndi ganizo ngati lathu, musaiwale malire a zida zimenezi. Zimajambula chilichonse chimene mwaziuza, ngakhale khoma loti lidzagwa. Sizidziwa kulemera kwa denga, mphamvu ya mphepo kapena khalidwe la nthaka, pamene dziko lathu linaonapo zivomezi ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009. Nyumba yosanja, msikiti, sukulu kapena nyumba ya m'tauni yofuna chilolezo cha khonsolo, zimafuna katswiri wovomerezeka, monga amene amaphunzira ku MUBAS ku Blantyre. Koma pa nyumba ya zipinda zitatu yakumudzi, chojambula chapafupi chokhala ndi miyeso yoona chimathandiza kuwerenga njerwa ndi malata musanagule, ndipo chimakupatsani poyambira ngakhale mutadzapita kwa katswiriyo. Amene alibe kompyuta angachite zomwezo ndi pensulo, rula ndi pepala la m'kope la masamu la timabokosi, malinga ajambule khoma ndi mizere iwiri.

Tisanayambe kumanga, tinalemba kuseri kwa pulaniyo mtengo wa ntchito ndi magawo olipirira: pa maziko, pa mazenera, pa lintala ndi pa denga. Mmisiri anasaina, ife tinasaina, anansi awiri anachitira umboni, ndipo chithunzi chake chinapita ku Lilongwe ndi ku Johannesburg. Shehe wa pamsikiti wathu ataona anatikumbutsa kuti ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an yolemekezeka, ya 282 mu Surat Baqara, ndi yolangiza kulemba ngongole ndi kuikapo mboni. Ife tinkayesa kuti kulemberana ndi mbale wako ndi kumukayikira. Taona kuti kukayikirana kunalowa pamene panalibe cholembedwa.

Alhamdulillah, amayi analowa m'nyumbamo mvula yoyamba isanagwe. Malata a mafiti 12 aja sanapite pachabe, anafolera khitchini ndi khonde lakumbuyo limene iwo anapempha. Pulaniyo, yothimbirira ndi simenti ndi zala za amisiri, amaisunga m'sutikesi pamodzi ndi makadi athu a kusikelo. Achimwene atabwera pa Eid, analowa ndi tepi m'chipinda cha amayi akuseka, n'kupeza mamita 2.77 kuchotsapo pulasitala, monga momwe mmisiri ananenera.