Musanagule ma bearing, yambani mwayeza crankshaft

Pali mawu amene ndimadana nawo ndikalowa m'sitolo ya zipangizo za galimoto. Mawu ake ndi akuti "ingotengani bwana, zonse n'zimodzimodzi." Kunena mosapsatira, mawu amenewa ndi amene amanoketsa injini za anthu osauka.

Malume anga ali ndi Land Rover ya Series IIA, mtundu umene unkapangidwa kuyambira 1961 mpaka 1971. Kumudzi kwathu galimotoyi ndiye ambulansi, ndiyenso yonyamula chimanga ndi maliro. Injini itayamba kugogoda, getsi la oyilo likuphethira, malume anagulitsa ng'ombe ziwiri n'kundituma ine wa m'tauni kuti ndisake zipangizo.

Makaniko amene anaphwasula injiniyo ku Ndirande ndi mdala wa imvi, wosapupuluma. "Mwana wanga, ndalamazo ziyambe zakhala m'thumba," anatero. "Chitsulochi tichifunse kaye."

Kufunsa kwake kunali kuyeza crankshaft ndi kachipangizo kotchedwa micrometer. Crankshaft ndi chitsulo chokhotakhota chimene mapisitoni amakankha kuti chizizungulira. Chimagona pa ma bearing, tizitsulo tofewa tooneka ngati mwezi wongokhala kumene. Pakati pa ziwirizi pamayenera kutsala mpata wochepa kuposa tsitsi la munthu, mmene mumadutsa oyilo. Mpatawo ukakula oyilo amathawa, injini n'kumagogoda. Ukachepa, zitsulo zimatentha n'kugwirana. Konsekonse ndi maliro a injini.

Pa injini ya 2.25 ya Land Rover, malo amene crankshaft imagonera pa ma main bearing amakhala mainchesi 2.5 ikamachoka ku fakitale. Yathu inapezeka yoperewera ndi 0.010. Ndiye kuti wina anaipalitsapo kale malume asanagule galimotoyo. Mdala uja atatembenuza bearing yakale, kumsana kwake kunalidi nambala 010. Popeza crankshaft inali ndi mikwingwirima, inafunika kupalidwanso mpaka 0.020.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Ma bearing a crankshaft yopalidwa amatchedwa undersize, koma sikuti ndi opyapyala ayi. Ndi onenepa kuposa a STD, chifukwa akudzaza malo a chitsulo chimene chapalidwa. Ena amalemba 0.010, 0.020, 0.030 m'mainchesi, ena 0.25, 0.50, 0.75 m'mamilimita. Komanso ma main ndi ma big end angathe kufuna masaizi osiyana pa crankshaft imodzimodzi yomweyo.

Ndinayenda sitolo zinayi mu Limbe ndi mu Blantyre. Koyamba anandipatsa a STD ati "akalowa bwinobwino." Kwina ananditulutsira bokosi la ma main asanu. Land Rover inayamba kuika ma main asanu pa injiniyi mu 1980, pamene zakale ngati yathu zili ndi atatu. Nditakana, mnyamata wogulitsayo anandiyang'ana ngati ndine wovuta. Koma ng'ombe zinagulitsidwa zija sizinali zake.

Mdala uja analetsanso kupititsa crankshaft ku makina ma bearing asanapezeke. Anati ukapalitsa kaye kenako saizi imeneyo n'kusowa, chitsulo chachoka sichibwerera. Tinadikira masabata atatu kuti a 0.020 abwere kuchokera ku Johannesburg, malume akuimba foni tsiku lililonse kuti "Mphwanga, kodi ndalama zija simunadye?" Atafika, wopala uja anapala ma bearing ali patebulo pake. Pomanga, mdala anagoneka kaulusi kotchedwa Plastigauge pa crankshaft, n'kumanga mabawuti, n'kumasulanso kuti aone mmene kaphwanyikira. Mpata unali ndendende. Injini italira, getsi la oyilo linazima nthawi yomweyo.

Tsono inu amene mukusunga Peugeot 404, Bedford kapena Datsun ya bambo anu, dziwani kuti chaka cholembedwa pa buluu buku sichikuuzani saizi ya bearing. Galimoto zakale zapita m'manja ambiri, zina injini zake ndi zosinthidwa kale. Makaniko amene alibe micrometer, kapena amene sadziwa koibwereka, musamusiyire injini yanu. Pitani kusitolo nambala zili papepala, ndipo bokosi mulitsegule pomwepo muwerenge kumsana kwa bearing iliyonse. Akulu anati safunsa anadya phula.