Anakayezako Ndani?

Utaka wa ku Mbenji ukayanikidwa pa mathandala, chimene chimauumitsa ndi moto wa pakati pa dzuwa. Kumeneko kumatentha madigiri 15 miliyoni, ndipo maatomu a haidrojeni amaphatikana n'kusanduka heliyamu. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tinaloweza zimenezi kusekondale. Koma tsiku lina tikadzaima kutsogolo kwa Fomu 3, mwana wa msodzi adzakweza mkono: "Aphunzitsi, anakayezako ndani?" Tikadzangoti "zili m'buku", mwanayo adzaleka kufunsa.

Yankho lilipo. Ku Cadarache, m'dziko la France, mayiko akumanga makina otchedwa ITER oti aziyatsa moto ngati wa dzuwawo, ndi cholinga choti m'tsogolo uzitipatsa magetsi. M'katimo mpweya udzatentha madigiri 150 miliyoni, utagwidwa ndi maginito kuti usakhudze makoma. Choyezera chilichonse chingasungunuke chisanafike pakati. Ndiye akatswiri amawerenga kuwala kwake.

M'makina otere amathiramo mpweya wa argon pang'ono chabe. Argon akatentha chomwecho amatulutsa X-ray, kuwala komwe kuja amatijambulira mafupa kuchipatala. Kuwalako amakuwombetsa pa mwala wa kristalo, ndipo kumamwazika monga momwe madontho a mvula amamwazira dzuwa kukhala utawaleza. Mtundu uliwonse wa atomu uli ndi mizere yakeyake. Maatomu akamathamanga kwambiri chifukwa cha kutentha, mzere umakula m'lifupi. Akayeza kukulako, adziwa kutentha kwa motowo osaukhudza. Kuwerenga mizere kotereku n'kumene kunaonetsa heliyamu m'kuwala kwa dzuwa mu 1868, pomwe pansi pano anadzamupeza mu 1895.

Nzeruyi si yachilendo kwa ana athu. Msodzi wa ku Mbenji salowa pansi pa nyanja kukawerenga nsomba. Amaona mtundu wa madzi, mbalame, mphepo ndi msinkhu wa nsomba zogwidwa. Chilumbachi chimatsekedwa nyengo ya mvula, motsogozedwa ndi Mfumu Makanjira, kuti nsomba ziswane, ngakhale palibe amene amakaonerera kuswanako.

Sukulu zambiri zimene tidzatumizidwe zilibe labu. Komabe beseni la madzi, kagalasi koonera nkhope ndi khoma loyera n'zokwanira kumwaza kuwala kwa dzuwa m'kalasi. Tiyambire pamenepo, ndipo mwana wofunsa uja abwere kutsogolo, agwire kagalasiko yekha.