Ganyu Woletsedwa

Mu September 2021 ndinalandira kakhadi kondiloleza kukhala ku Britain ngati wophunzira. Kanali kakang'ono ngati ka ku banki, ndipo pambali pa chithunzi changa panalembedwa kuti ndikuloledwa kugwira ntchito maola 20 okha pa sabata nthawi ya maphunziro. Ndinawerenga kawiri n'kukaika m'chikwama. Ndinali nditagwira ntchito yomasulira kwa zaka zisanu ndi ziwiri ku Lilongwe, choncho sindinaganize kuti mawu akuti ntchito angandisokoneze.

Ndinapita kukachita digiri yachiwiri ya zomasulira pa yunivesite ina ya kumpoto kwa England. Thandizo limene ndinapeza linkalipira fizi yokha. Nyumba, chakudya ndi kangachepe kotumiza kwa amayi ndinkayenera kudzipezera ndekha. Ndinalowa ntchito pa nyumba yosungirako okalamba, Loweruka ndi Lamlungu, maola khumi khumi. Kuyambira April 2022 malipiro ochepetsetsa a munthu wa msinkhu wanga anali mapaundi 9.50 pa ola, ndiye kuti mapaundi 190 pa sabata. Sabata yake amaiwerenga kuyambira Lolemba mpaka Lamlungu, ndipo sungasunge maola a sabata ino kuti ukawagwire sabata yamawa. Ukapyola, ngakhale ndi ola limodzi, waphwanya malamulo a viza yako.

Mu teremu yachiwiri munali phunziro limene linkatumiza ophunzira kukaphunzira ntchito ku kampani. Kumeneko amati placement, kwathu timati atachimenti. Ndinadabwa kumva kuti maola a atachimenti sawerengedwa pa maola 20 aja. Munthu akhoza kukhala ku kampani tsiku lonse, kulipidwa kapena osalipidwa, n'kumapitirizabe ntchito yake ya kumapeto kwa sabata. Koma pali zofunika kukwaniritsa. Atachimentiyo iyenera kukhala mbali yeniyeni ya kosi, aphunzitsi ayenera kuichonga n'kupereka malikisi, ndipo kwa wophunzira digiri pa yunivesite isapyole theka la nthawi ya kosi yonse. Yunivesite imadziwitsa a Home Office kumene uli ndi masiku ake, ndipo imapitiriza kuyang'anira ngati ukupitadi.

Mnzanga wina wa ku Zimbabwe, amene ankachita kosi ina, anadzipezera yekha malo ophunzirako ntchito pa bungwe lina lothandiza anthu. Sankalandira kanthu. Koma popeza kosi yake inalibe phunziro lotere, anamuuza kuti maola akewo alowa mu 20 aja, pakuti ntchito yosalipidwa nayonso amaiwerenga ngati uli ndi nthawi yoikika yofikira ndi udindo woti ukwaniritse. Anayenera kusankha pakati pa kuphunzira ntchito imene anabwerera ndi kulipira lendi. Anasankha lendi. Iye ndi ine tikanakhala pa desiki yofanana, maola ofanana. Kusiyana kwake kunali kwakuti zanga zinali ndi wozichonga.

Ine ananditumiza ku kampani yaing'ono yomasulira kwa masabata asanu ndi atatu. Ntchito yanga inali kuona ngati zomasulira za ena zafika zonse, kukonza mindandanda ya mawu ndi kuphunzira mapulogalamu a pa kompyuta amene amasunga ziganizo zomasuliridwa kale. Sabata yachinayi kunabwera timapepala ta zaumoyo toti timasuliridwe m'zinenero zingapo za ku Africa, ndipo Chichewa chinali pamndandanda. Mayi amene ankandiyang'anira anandionetsa zimene womasulira wina anatumiza. Pamene Chingerezi chinkanena kuti munthu amwe mankhwala asanadye kanthu, Chichewa chake chinkanena za mimba yopanda kanthu m'njira yoti wowerenga wa kwathu akanaganiza kuti akunena za mayi amene si woyembekezera. Ndinakonza, ndinalemba chifukwa chake, ndipo zonsezo zinalowa mu lipoti limene aphunzitsi anga anachonga. Madzulo amenewo ndinakwera basi ndili ndi chimwemwe. Kwa nthawi yoyamba chifikireni ndinali nditagwira ntchito yanga yeniyeni.

Atachimenti inatha mu May. Tsiku lomaliza mayi aja anandiitana nandiuza kuti omasulira Chichewa odalirika ndi osowa, ndipo akufuna ndizipitiriza. Anati azinditumizira ntchito ikapezeka, ine ndizitumiza invoisi, monga amachitira ndi omasulira awo onse. Ndinavomera ndi mutu ndisanaganize n'komwe.

Kumapeto kwa mwezi womwewo boma la Malawi linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Amayi anaimba foni. Sanapemphe kanthu, iwo sapempha. Anangofotokoza mtengo wa mafuta ophikira ndi wa sopo, kenako anati, "Mwanangu, mng'ono wako akulemba Fomu 4 chaka chino. Koma usadandaule, tiona pochita." Ndinayankha kuti, "Amayi, ndapeza kaganyu kabwino. Zikhala bwino."

Chimene chinandipititsa ku ofesi yolangiza ophunzira akunja chinali funso la msonkho. Ndinkafuna kudziwa mmene munthu wodzilemba yekha ntchito amalembetsera. Bambo amene ndinawapeza anasiya kulemba nandifunsa ngati ndatumiza kale invoisi iliyonse. Nditati ayi, anapumira m'mwamba. Anandifotokozera kuti wa viza ya wophunzira saloledwa kudzilemba yekha ntchito kapena kuchita bizinesi, ngakhale kwa ola limodzi, ngakhale amene akukulipira ali kunja kwa Britain, malinga ngati iwe uli m'dzikomo. Akanandilola kugwira ntchito yomweyo kampaniyo ikanandilemba ngati wantchito wake, mkati mwa maola 20. Ndinafunsa za miyezi ya June mpaka August, poti makalasi anali atatha. Anati kwa ife olemba kafukufuku wa digiri yachiwiri imeneyo si holide, ndi nthawi ya maphunziro ndithu. Anandichenjezanso kuti kuphwanya malamulowa kungachititse kuti viza ifupikitsidwe, ndiponso kuti ndidzavutike kupeza ina m'tsogolo.

Ndinabwerera kwa mayi aja kukapempha kuti andilembe ntchito ya maola ochepa. Anandimvetsa, koma anati ntchito ya Chichewa imabwera mwa apo ndi apo, sangaike munthu pa malipiro a mwezi chifukwa cha timapepala tiwiri. Sindinawaimbe mlandu. Umisiri wathu ndi mmene umayendera: omasulira ambiri ndi anthu a maganyu, amalipidwa powerenga mawu.

Apa m'pamene ndinaona vuto la wophunzira ngati ine. Kwathu ganyu ndiye njira yoyamba ya munthu wosowa. Ukalima mizere ya mnzako, ukachapa, ukalembera munthu kalata, akupatsa kanthu, nkhani yatha. Palibe amene amati wachita bizinesi. M'malamulo a viza, ganyu wotereyu ndiye woletsedwa kotheratu, pamene kutembenuza nkhalamba pabedi maola khumi n'kololedwa. Wophunzira unesi kapena uinjiniya akhoza kupeza womulemba maola ochepa pa ntchito yofanana ndi maphunziro ake. Womasulira, wojambula, wolemba, amene ntchito zawo zimayenda mwa ganyu, khomo lawo nthawi zambiri limakhala atachimenti yokha, ndipo imatha pa tsiku limene linalembedwa.

Sindikunena kuti lamuloli lilibe chifukwa. Maola a wantchito wolembedwa amaoneka pa pepala la malipiro, pamene a munthu wa ganyu palibe angawawerenge. Ndinaonanso ubwino wa kuchonga kuja: popeza yunivesite inkafuna lipoti, kampani sikanandisandutsa wophika tiyi ndi wofotokopa. Komabe mayesero analipo. Anzanga ena anandiuza kuti ndigwiritse ntchito akaunti ya m'bale wanga wa ku Malawi, palibe adzadziwe. Ndinagona nawo maganizo amenewo masiku atatu. Chimene chinandiletsa si kulungama kokha. Ndinawerengera zimene zinali zitalowa kale pa ulendowu, pamodzi ndi njinga yamoto imene malume anagulitsa kuti tikiti ipezeke, ndipo ndinaona kuti sindingaike zonsezo pa chiswe chifukwa cha mapaundi mazana ochepa.

Ndinaimbira amayi kuwauza kuti ganyu uja walephereka. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Bola unafunsa." Ndalama za mng'ono wanga zinachokera ku nyumba ya okalamba kuja. Ndinasiya kukwera basi, ndinkayenda wapansi.

Pali viza ina ya omaliza maphunziro, imene inayamba mu July 2021, ndipo imalola munthu kudzilemba yekha ntchito. Nthawi imeneyo inali ya zaka ziwiri, koma kuitenga pamodzi ndi ndalama za chipatala kunkafuna mapaundi oposa 1,900. Ndinalibe. Nditapereka kafukufuku wanga ndinabwerera kumudzi.

Achinyamata akamandifunsa za kukaphunzira ku Britain, ndimawauza kuti asanasankhe kosi afunse ngati ili ndi atachimenti yochongedwa, ndi yaitali bwanji, ndipo amapeza malo ndani. Asayambe tsiku loyamba asanalandire kalata ya yunivesite yonena malo ndi masiku. Afunsenso za malamulo a chaka chimenecho, poti amasinthasintha. Safunsa anadya phula.

Mwezi umodzi nditafika ku Lilongwe, mayi aja anatumiza imelo. Anali ndi timapepala tina ta zaumoyo. Ndinamasulira nditakhala pakhonde ku Area 25, magetsi atazima, laputopu ikutha moto, ndipo ndinatumiza invoisi yanga yoyamba. Inali ntchito yomwe ija, ya kampani yomwe ija imene ofesi yake inali mphindi makumi awiri kuchokera kuchipinda changa cha ku England. Mpaka lero amanditumizirabe.