Kalata kwa Bambo kuchokera ku Beira

Okondedwa Bambo,

 Ine ndinafika bwino ku Beira. Lole yathu ili pamzere kudikira feteleza, ndipo poti sitima yapamadzi imene yabwera naye sinamalize kutsitsa, ndapeza mpata woyendayenda mumzinda uno. Zimene ndaona sizingakwane pafoni, n'chifukwa chake ndati ndilembe.

Tinadutsa pa Lirangwe kusanache, inu mukadali mtulo. Pa Zalewa tinawoloka Shire n'kukhotera ku Mwanza, kenako Zobue, Moatize kumene fumbi la malasha limada mpaka m'mphuno, ndi Tete. Malole sadutsanso pa mlatho wakale wa Samora Machel, amadzera pa watsopano wa Kassuende. Kuchoka apo ndi thengo la milambe ndi dzuwa loswa mtengo mpaka Changara ndi Guro. Kamphepo kayaziyazi kamayambira ku Catandica ndi Chimoio, koma ukangopitirira Inchope dziko limatsika, limakhala see, madambo a mpunga mbali zonse, thukuta osauma pathupi.

Malo oyamba amene ndinafunafuna ndi siteshoni ya sitima, chifukwa cha inu. Mwakhala mukundiuza kuti njanji yodutsa kuseri kwathuyo mathero ake ndi kunyanja yamchere. Ndakaima pamatheropo, Bambo. Nyumba ya siteshoniyo anaimaliza mu 1966, ndi yaitali, ndipo khomo lake lili ndi denga lalikulu lokhota ngati uta. Ndinakhala pabenchi n'kumaitsatira njanjiyo m'maganizo: Dondo, Inhaminga, Sena, mlatho wa Dona Ana umene unatsegulidwa mu 1935 ndipo kutalika kwake kumaposa makilomita atatu ndi theka, kenako Mutarara, Marka, Nsanje, Bangula, Luchenza, Limbe, Blantyre, mpaka kwathu. Fodya ndi tiyi wa dziko lathu ankatsikira kuno pa njanji imeneyi, mchere ndi mafuta n'kumakwera. Nkhondo ya ku Mozambique inaidula m'zaka za m'ma 1980, madzi osefukira anadzaikokololanso pa Chiromo mu 1997. N'chifukwa chake mwana wanu akuyenda mtunda wonsewu pa matayala, kuzungulira ku Tete. Mu 2024 sitima yamafuta yochokera kuno inafikanso pa Marka. Ine ndimadyera lole, koma ndikunena zoona, ndimalakalaka njanjiyo italumikizidwa yonse, chifukwa thumba la feteleza limene mumaligula modandaula lija limakwera mtengo panjira yaitali yomwe ndadzerayi.

Nyanjayo ndinakaionera ku Macuti. Musaiyerekeze ndi ya ku Mangochi. Madzi ake ndi ofiirira chifukwa mitsinje ya Pungwe ndi Buzi imathira matope pomwepa, ndipo amachita chinthu chimene chinandiimitsa mutu. Ndinafika m'mawa madzi atathawira kutali, amayi akutola tinkhono pamchenga wonyowa, ngalawa zitagona cham'mbali. Pobwerera masana ndinapeza mafunde akumenya pamene ndinaponda paja. Amaphwa ndi kudzaza kawiri pa tsiku, ndipo nthawi zina amakwera mamita 6. Oyendetsa sitima zikuluzikulu amadikira kuti adzaze asanalowe padoko, moti ngakhale ife a malole tsiku lathu limalamulidwa ndi madzi amenewa. Pa Macutipo pali nsanja ya nyali younikira sitima, yomangidwa mu 1904, yopakidwa mizere yofiira ndi yoyera. Patsinde pake pagona chisitima chakale chodyeka ndi dzimbiri, nthiti zake zili pamtunda, ana akubisalirana m'kati mwake. Ndinamwa madzi a kokonati amene mnyamata wina anandiboolera ndi chikwanje, kenako anaing'amba n'kundisemera kasupuni kuchokera ku khungwa lake lomwelo kuti ndipalire zoyera zam'kati.

Tchalitchi chachikulu cha Katolika ndinangochizungulira. Ena mwa miyala yake anaitenga ku linga la Apwitikizi la ku Sofala, limene linayamba kumangidwa mu 1505.

Kumene ndinakhalitsa ndi ku Grande Hotel. Inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950 kuti muzigona anthu olemera okhaokha, koma inatsekedwa mu 1963 chifukwa sinkapindula. Nthawi ya nkhondo othawa kwawo analowamo, ndipo lero mukukhala anthu oposa chikwi. Mulibe magetsi, mulibe madzi a m'mipopi, zitseko ndi mawindo zinazulidwa kalekale, mitengo yamera m'makoma mpaka pamwamba. Alendo ambiri amangojambula chapatali n'kumapita. Ine ndinapempha chilolezo n'kulowa. Pamasitepe akuluakulu mayi wina anayala tomato, makala ndi nsomba zouma. Chapafupi mwana wa yunifolomu yochapa bwino ankalemba ntchito ya kusukulu kope lili pabondo. Nditapereka moni m'Chichewa, mayiyo anandiyankha m'Chisena, ndipo tinamvana bwinobwino monga timachitira ndi anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa. Anandifunsa ngati mvula inagwa bwino kwathu chaka chino. Ndinatuluka m'menemo mtima uli wolemera, Bambo. Anthu amenewa ndi abale athu, ndipo akulerera ana m'nyumba imene ingawagwere tsiku lililonse.

Zipsera za namondwe Idai zikuonekabe. Mukukumbuka mvula ija ya kumayambiriro kwa Malichi 2019 imene inamiza midzi ku Chigwa cha Shire. Ndi yomweyo inapita kunyanja, n'kukasonkhanitsa mphamvu, n'kubwerera kudzagwera Beira usiku wa pa 14 mwezi womwewo. Ku Mozambique kokha anafa anthu oposa 600. Ukayenda ku Munhava, pafupi ndi doko kumene timaimika malole, umaona malata atsopano pakati pa akale, ena atawatsindira ndi matumba amchenga ndi matayala. Nditawauza anzanga akuno za namondwe Freddy ndi zimene anachita ku Chilobwe mu 2023, sanafune kuti ndifotokoze zambiri. Anangogwedeza mitu n'kundiwonjezera nsima.

Tsopano pempho langa ndi ili. Maso anu akadaona bwino ndipo miyendo ikadali ndi mphamvu, ndikufuna mudzaione nokha Beira. Pa lole sindingakutengeni, malamulo a ntchito salola, koma tikhoza kukwera basi mpaka Tete n'kulumikiza ina. Miyezi yabwino ndi Juni kapena Julayi, mutakolola, kuno kutazizirirako ndipo nyengo ya anamondwe itatha. Ndalama ya pasipoti ndayamba kale kusunga. Ndalankhula ndi achemwali ku Chileka, avomera kukuperekezani ku ofesi ya Immigration mu Blantyre, inu mungokonzeratu chiphaso chanu cha unzika. Musandiyankhe kuti mbuzi zitsala ndi yani, adzukulu alipo.

Amayi muwauze kuti ndawagulira chitenje pamsika wa Goto ndi nsomba zam'nyanja zouma. Tikapakira ndidzaimba foni ndikafika pa Zobue, kuti wina adzandidikire pamsewu, poti ndi katundu wa eni sindingaime nthawi yaitali.

Ndine mwana wanu wokukondani.