Za Zilembo Zimene Makina Amazikana: Zimene Ndidaona ku East Rand

Akatswiri a ziyankhulo za Chibantu akhala akukambirana kwa zaka zambiri za kalembedwe koyenera ka mau athu. Ku Malaŵi bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo mu 1973 lidatulutsa malamulo a kalembedwe. Kuyambira mu 1996 ntchitoyo idatengedwa ndi Centre for Language Studies ku Zomba. Komatu pali woweruza wina amene sadakhalepo pa misonkhano imeneyi, amene chigamulo chake chimagwira ntchito usiku ndi usana popanda womutsutsa. Woweruzayo ndi kompyuta yaikulu ya mtundu wa mainframe, imene mabanki, makampani a inshuwaransi ndi maofesi a penshoni amasungiramo maina a anthu. Ine ndidagwirapo ntchito yolemba ndi kukonza mapulogalamu a COBOL mu ofesi ina ku Germiston, m'dera la East Rand limene kuyambira mu 2000 lili pansi pa mzinda wa Ekurhuleni, ndipo mbali ina ya ntchito yanga inali kufufuza zilembo zosayenera kapena zosasindikizika m'zimene mapulogalamuwo adatulutsa. Chimene ndidaphunzira kumeneko n'chakuti palibe chilembo chimene chili chosayenera pachokha. Chimakhala chosayenera pokhapokha tikachiyeza ndi mndandanda umene munthu wina adalemba, ndipo kaŵirikaŵiri munthuyo sadamvepo chiyankhulo chathu.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambe taona m'mene makinaŵa amasungira zilembo. Makompyuta a IBM System/360, amene adalengezedwa mu 1964, adabwera ndi kasungidwe kotchedwa EBCDIC, ndipo zidzukulu za makinawo zikugwiritsabe ntchito kasungidwe komweko. Chilembo chilichonse chimakhala m'kachipinda kamodzi kotchedwa byte, ndipo kachipindako kangathe kusunga nambala imodzi mwa manambala 256. Olemba mapulogalamu amalemba manambalaŵa m'kaŵerengedwe ka hexadecimal, kamene kamagwiritsa ntchito 0 mpaka 9 kenaka A mpaka F, kotero kuti nambala yotsika ndi 00 ndipo yotsiriza ndi FF. Chilembo A ndi C1, W ndi E6, w wamng'ono ndi A6, ndipo mpata wosiyanitsa mau ndi 40. Manambala onse otsika kuposa 40 si zilembo zooneka ndi maso ai, koma malamulo opita kwa makina, monga lakuti ayambe mzere watsopano. Nambala yotere ikasokera pakati pa dzina la munthu, makina osindikizira angathe kusiya mpata, kudumpha mzere, kapena kuima.

Njira zosakira zilembo zoterezi n'zakale ndiponso n'zodalirika. Woyang'ana ndi maso amatsegula failo mu ISPF, nalemba lamulo la FIND P'.' limene limamufikitsa pa chilembo chosaoneka. Akalemba HEX ON amaona nambala yeniyeni pansi pa chilembo chilichonse. Wolemba COBOL amatchula m'ndime ya SPECIAL-NAMES gulu la zilembo zimene akuzivomereza, nayesa dzina lililonse ngati lili m'gululo. Njira yachangu koposa ndi lamulo la makina lotchedwa TRT, limene limayenda ndi tebulo la malo 256. Pa malo a chilembo chovomerezeka pamaikidwa 00, pa malo a chokanidwa pamaikidwa nambala ina iliyonse. Makina amaŵerenga dzina kuchokera kumanzere, ndipo amaima pa chilembo choyamba chokanidwa n'kusonyeza pamene chili. Aŵerengi aone kuti m'njira zonsezi nzeru siili m'makina. Ili mwa amene adadzaza tebulo lija.

Pa zaka zimene ndidakhala ndikuŵerenga manambalaŵa, ndidaona kuti zimene tebulo limakola zili m'magulu atatu, ngakhale kuti pa pepala zonse zimaoneka chimodzimodzi. Gulu loyamba ndi zinyalala zenizeni: ma 00 otsala m'malo amene pulogalamu idaiŵala kudzazamo, kapena 0D ndi 25, zizindikiro zothetsa mzere zimene zimabwera ndi mafailo ochokera ku makompyuta ang'onoang'ono. Izi n'zoyenera kuchotsedwa. Gulu lachiŵiri ndi ndalama. Pofuna kusunga malo, COBOL imapanikiza manambala aŵiri m'kachipinda kamodzi, njira yotchedwa COMP-3, kotero kuti 123 imasungidwa ngati 12 3C, pamene C akutanthauza kuti ndalamayo si ngongole. Onse 12 ndi 3C ndi otsika kuposa 40, choncho wosazindikira amaŵayesa zinyalala. Akaŵasesa n'kuikapo mipata, malipiro a munthu afafanizika, ndipo pulogalamu yotsatira imagwa ndi cholakwa chodziŵika bwino cha S0C7. Wolemba mapulogalamu aliyense amaphunzitsidwa msanga kulemekeza gulu limeneli. Gulu lachitatu, limene palibe adandiphunzitsa, ndi zilembo za ziyankhulo zathu.

Tiyambe ndi nkhodolero, kachizindikiro kamene timalemba mu ng'ombe ndi m'nyumba. M'Chingerezi munthu angakasiye osasokoneza kwenikweni tanthauzo, koma kwa ife kamasiyanitsa mau. Ng'oma timaimba pa gule, ngoma ndi nyama ya m'tchire. M'bale ndi mnansi, mbale timadyeramo. Mu ng' nkhodolero ndi chiŵalo cha lembo lenilenilo, chifukwa ndiyo imatiuza kuti liwulo lituluke m'mphuno popanda g womveka. EBCDIC ili nayo nkhodolero pa nambala 7D, komabe mayeso a COBOL otchedwa ALPHABETIC amavomereza A mpaka Z, a mpaka z, ndi mpata basi. Tsono maina monga Ng'oma, Ng'ambi ndi M'mbelwa amalephera mayesowo ngakhale atalembedwa molondola. Vutoli lidayamba kale. Pa makina oboolera makadi a IBM 026, mabowo a pa mzere 4 ndi 8 ankaimira nkhodolero kwa olemba FORTRAN, koma kwa a zamalonda mabowo omwewo ankaimira @, kotero kuti khadi limodzimodzilo likadatha kuŵerengedwa NG'OMA kwina, NG@OMA kwina. Masiku ano mapulogalamu olembera makalata amasintha okha nkhodolero yowongoka kukhala yopindika, imene mu Windows-1252 ndi nambala 92. Failo yotere ikatembenuzidwa mosasamala kuloŵa mu EBCDIC, nambalayo imagwera pansi pa 40, pakati pa malamulo a makina, ndipo tebulo limaikola ngati chinyalala.

Nkhani ya ŵ, w wovala kachisoti amene ali m'dzina la dziko la Malaŵi, ndi yomvetsa chisoni koposa. Mtundu wa EBCDIC wofala kwambiri m'maiko oyankhula Chingerezi, code page 037, uli ndi zilembo za ziyankhulo za kumadzulo kwa Ulaya. N'chifukwa chake ê ndi ë za Chiafrikaans zili ndi malo ao, koma ŵ alibe. Iye adapeza malo mu Unicode pa U+0175, ndiponso mu ISO 8859-14 ya mu 1998, imene idakonzedwera ziyankhulo monga Welsh. Mu UTF-8 amasungidwa m'tizipinda tiŵiri, C5 ndi B5. Kompyuta yoŵerenga tizipindati ngati Windows-1252 imasonyeza MalaÅµi, ndipo yotiŵerenga ngati code page 037 imaona E ndi § pamalo pa ŵ. Apa pali msampha: zonsezi ndi zilembo zosindikizika, choncho FIND P'.' sangazione. Kumene kutembenuza kwachitika mwadongosolo, chilembo chosoŵa malo chimaloŵedwa m'malo ndi 3F, chizindikiro chonena kuti pano panali kanthu kamene katayika. Chitumbuka, chimene chimalemba ŵanthu ndi ŵana, chimapwetekedwa pa mzere uliwonse. Anansi athu ku Tembisa ndi ku Daveyton ali m'madzi omwewo, pakuti š wa Sepedi ndi ḓ, ḽ, ṅ, ṋ, ṱ za Tshivenḓa nazonso mulibe mu code page 037.

Wina angafunse kuti kachizindikiro kakang'ono chotere kali ndi kanthu kanji. Yankho lili m'mbiri ya dera lino. Amalaŵi ambiri adagwira ntchito m'migodi ya golide ya ku Rand, kuphatikizapo ERPM ku Boksburg, umene udayamba mu 1893, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 chiŵerengero chao m'migodi ya South Africa chidapitirira 100,000. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown n'kupha Amalaŵi 74 amene ankabwerera kwao, ndipo Dr Banda adaletsa kulemba anthu ntchito za ku migodi. Kulembako kudayambiranso mu 1977, chaka chimene Wenela idasanduka mbali ya TEBA, ndipo kudalekeka mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. Anthuwo adabwerera ku Mzimba, ku Dedza, ku Mangochi, koma maina ao adatsala m'mabuku, ndipo mabuku ambiri otere pambuyo pake adakoperedwa m'makompyuta. Mu 2019 khoti lalikulu ku Johannesburg lidavomereza mgwirizano wa R5 biliyoni wolipira amene adadwala silicosis ndi chifuwa chachikulu m'migodi ya makampani asanu ndi imodzi, ndalama zimene zimayendetsedwa ndi Tshiamiso Trust. Pa chipukutamisozi chotere, monganso pa penshoni iliyonse, wopempha ayenera kusonyeza kuti iye, kapena malemu mwamuna wake, ndi yemweyo amene adalembedwa m'mabukumo. Dzina ndilo chingwe cholumikiza mai wamasiye wa ku Embangweni ndi thukuta la mwamuna wake.

Mu ofesi imene ndinkagwiramo ntchito ndidapeza pulogalamu yakale yoyeretsa maina asanatumizidwe ku banki. Inkasintha chilichonse chosakhala A mpaka Z kukhala mpata, osasiya mbiri ya chimene yasintha. Pulogalamu ina, yolembedwa ndi munthu wina m'chaka china, inkangochotsa chilembocho n'kulumikiza zotsala. Zotsatira zake, munthu mmodzi wa dzina lokhala ndi ng' ankapezeka paŵiri kapena patatu: kwina dzina lake litaduka pakati, kwina litasanduka la mtundu wina, pakuti Ng'oma ndi Ngoma ndi maina aŵiri a mabanja osiyana. Pulogalamu yofananitsa maina inkaŵaona ngati anthu osiyana, ndipo zaka za ntchito za munthu mmodzi zinkagaŵikana. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Mapulogalamu aŵiriŵa sankafunsa munthu aliyense.

Nditadandaula, mnzanga wina wachikulire pa ntchitoyo adandiyankha mau amene sindingaŵapeputse. Adati tebulo lopapatiza lili ndi chifukwa chake: failo yopita ku banki ikakhala ndi chilembo chimodzi chosayembekezeka ingathe kubwezedwa yonse, ndipo anthu zikwi zambiri angagone ndi njala pa tsiku la malipiro chifukwa cha dzina limodzi. Adanena zoona. Koma mau akewo akuloleza kufupikitsa dzina pa khomo lotulukira pokha, pamene wolandira sangathe kulilandira lathunthu. Sakuloleza kuwononga dzina m'nkhokwe momwe. Tidagwirizana zinthu zitatu. Choyamba, pulogalamu yosaka isamasinthe kanthu, koma izilemba lipoti losonyeza mzere, malo, nambala ya hexadecimal ndi dzina lonse m'mene lidabwerera. Chachiŵiri, gawo lililonse la failo likhale ndi tebulo lake, pakuti 3C ndi woyenera m'gawo la ndalama ndipo 7D ndi woyenera m'gawo la maina. Chachitatu, dzina loyambirira lisungidwe losakhudzidwa pambali pa lofupikitsidwa, kuti wobwera m'mbuyo adzathe kubwerera ku gwero.

Ndalemba izi m'magazini ya akatswiri a ziyankhulo chifukwa mbali yotsala ya ntchitoyi ndi yanu. Wolemba mapulogalamu akapeza 7D pakati pa G ndi O alibe buku lomuuza ngati chimenecho ndi chilembo kapena ngozi. Malamulo athu a kalembedwe adalembedwera aphunzitsi ndi osindikiza mabuku, ndipo satchula nambala ya chilembo chilichonse. Ngakhale Unicode, imene idatipatsa malo, idabweretsa mafunso atsopano. Chilembo ŵ chingasungidwe ngati U+0175, kapena ngati w wotsatidwa ndi kachisoti kapadera U+0302. M'maso n'zofanana, koma wosaka mau akuti nthaŵi m'nkhokwe ya zolembedwa adzapeza ena n'kuphonya ena ngati nkhokweyo sidayanjanitsidwe. Nkhodolero nayo ili ndi maonekedwe atatu, U+0027, U+2019 ndi U+02BC, ndipo aliyense amalemba imene makina ake ampatsa. Pempho langa kwa amene amayang'anira Chicheŵa, Chinyanja cha ku Zambia ndi ku Mozambique, Chitumbuka ndi Chiyao n'lakuti atulutse tsamba limodzi pa chiyankhulo chilichonse, lotchula zilembo zonse ndi manambala ake, nkhodolero imene yasankhidwa, ndiponso m'mene chilembo chiyenera kulembedwera pamene makina akale sangathe kuchisunga. Tsamba lotero wolemba mapulogalamu angalisandutse tebulo la TRT tsiku limodzi lisanathe. Likapanda kulembedwa ndi odziŵa chiyankhulo, tebulolo lidzadzazidwabe, koma ndi munthu amene sadziŵa kusiyana kwa m'bale ndi mbale.