Kutenga Galimoto ya Ngongole ku Joni: Zomwe Makaniko Amayamba Wafunsa

Jules Street ndi msewu wautali wodutsa ku Jeppestown ndi ku Malvern mumzinda wa Johannesburg, ndipo malonda ake ambiri ndi a magalimoto: ogulitsa akale, owongola ogundidwa, ogulitsa masipeya. M'galaja ina kumeneko mumagwira ntchito makaniko wochokera ku Mulanje, bambo wa imvi zapatalipatali, amene anyamata ochokera kumudzi amamutchula kuti "madala". Ambiri mwa anyamatawa amayendetsa Uber kapena Bolt. Uber inafika mumzindawu mu 2013, ndipo chiyambire pamenepo galimoto yakhala munda wa Amalawi ambiri okhala ku Joni.

Vuto n'lakuti si onse angapeze ngongole kubanki. Ndiye amakopeka ndi zolengeza za pa Facebook: munthu walephera kulipira galimoto, akufuna wina ampatse kangachepe, atenge makiyi, n'kumapitiriza kulipira mwezi ndi mwezi. Magalimoto oterewa ndi amene amabwera kwa madalawa kuti awaone asanatengedwe.

"Ine ndisanatsegule boneti ndimati, achimwene, mapepala ali kuti? Ena amadabwa, amati tabwera kwa makaniko kapena kwa loya? Koma injini ndingathe kukonza. Galimoto ikalandidwa, sipanala yanga ilibe ntchito."

Zimene akunenazi zili m'malamulo. Pepala lolembetsera galimoto ku South Africa limasonyeza mayina awiri, la title holder ndi la owner. Ngongole isanathe, title holder ndi banki, ndipo amene akuyendetsayo alibe mphamvu yoigulitsa kapena kuipereka kwa wina banki isakudziwa. Mgwirizano wa anthu awiri, ngakhale utadindidwa chidindo, susintha dzina la wangongole. Wotenga uja akhoza kulipira mokhulupirika zaka ziwiri, mnzakeyo osapititsa ndalamazo kubanki. Lamulo la National Credit Act la 2005 limati banki itumize kalata yochenjeza isanapite kukhoti, koma kalatayo imapita kwa amene anasaina ngongole, osati kwa amene ali pachiwongolero. Iyeyu amadzangoona anthu afika kudzatenga galimoto.

Palinso ndalama ya kumapeto, imene amabanki amaitcha balloon. Kuti malipiro a pamwezi achepe, gawo lalikulu la mtengo limasungidwa kuti lidzalipidwe kamodzi ngongole ikamatha. Wogulitsa amatchula ya pamwezi yokha. Madalawa amauza aliyense kuti apite ndi mwini wakeyo kubanki akatenge kalata yosonyeza ndalama yonse yotsala, asanapereke ndi randi imodzi yomwe.

Mapepala akakhala bwino, m'pamene amavula jekete.

"Munthu amene wavutika kulipira banki anayamba kale kumana galimoto. Zimenezi n'zachidziwikire. Banki imaimba foni, oyilo saimba foni. Ndiye choyamba kudumphidwa ndi sevisi. Ndimatsegula buku la sevisi n'kuwerenga zidindo, kenako ndimayerekeza ndi mileji ya padashibodi. Ndikatero ndimasuzumira pachiponderero cha buleki ndi cha kilatchi. Mileji ikamanena kuti galimoto ndi yatsopano koma labala yapachiponderero yatha mpaka chitsulo kuoneka, ndimadziwa kuti wina wabweza manambala."

Amatsegula chotsekera oyilo n'kuyang'ana kunsi kwake. Phala lakuda lomata ndi umboni wa oyilo wokhalitsa. Zoyera ngati mkaka zimam'pangitsa kukayikira kuti madzi akulowa mu injini, mwina gasiketi yapsa. Amafuna kuti galimoto ailize yekha injini ili yozizira, chifukwa yotentha imabisa phokoso ndi utsi, ndipo wogulitsa akafika atailiza kale amauzidwa kuti adikire izizire. Kenako amailumikiza ku kompyuta yoyezera. Nyali yochenjeza ikhoza kuzimitsidwa dzulo lake, koma galimoto ikayenda pang'ono vuto limabweranso, n'chifukwa chake sayeza asanaizungulitse mpaka kumsewu wa M2 n'kubwerera.

Pansi ndi pamene amakhalitsa. Akaikweza pajeke amagwedeza tayala lililonse ndi manja awiri kuti amve mabolojointi ndi mabeling'i, amayang'ana mashoko ngati akudontha, amafinya malabala a ma CV ngati ang'ambika. Maenje a m'misewu ya Johannesburg amalemba mbiri yawo pamenepa. Tayala lodyeka mbali imodzi limam'fotokozera zambiri kuposa wogulitsa. Lamulo la ku South Africa limafuna kuti mizere ya tayala isachepere milimita 1, koma iye amati woyendetsa anthu nthawi ya mvula za Disembala asadikire kufika pamenepo.

Chimene chimamupweteka mtima kwambiri ndi masamu amene anyamatawa sachita. "Ndimawakhazika pabenchi n'kutenga cholembera. Ndimati, amwene, tinene kuti mumayenda makilomita 200 patsiku, masiku 6 pasabata. Ndi 1,200 pasabata. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri, a Polo Vivo, a Etios, a Corolla Quest, amafuna sevisi pa makilomita 10,000 kapena 15,000 aliwonse. Ndiye inu sevisi yanu si ya pachaka ayi, ndi ya miyezi iwiri kapena itatu iliyonse. Akakuuzani kuti ili ndi service plan ya zaka 3 kapena makilomita 45,000, dziwani kuti chimene chayamba kukwana ndicho chimathetsa pulaniyo. Kwa inu makilomitawo atha miyezi 9 isanakwane."

Ambiri sadziwanso kuti service plan imalipira oyilo, mafyuluta, mapulagi ndi ntchito ya sevisi basi. Mabuleki, kilatchi ndi mashoko zimalowa mu maintenance plan, yomwe ndi ina. Matayala kawirikawiri ndi a m'thumba mwa woyendetsa. M'migwirizano ya rent-to-own, pamene kampani imakhalabe mwini galimoto mpaka malipiro omaliza, ena amalemba kuti sevisi ndi yawo, ena amaisiyira dalaivala, ndipo mzere umodzi umenewu ndi umene umasiyanitsa wopeza phindu ndi wogwirira ntchito galaja.

Inshulansi nayo ili ndi msampha wake. Galimoto ya ngongole imayenera kukhala ndi inshulansi yonse. Ikakhala m'dzina la mwini woyamba, yolembedwa kuti ndi yopitira kuntchito, kenako galimoto n'kugundidwa ikunyamula anthu olipira ndipo dalaivala ndi wina, kampani ili ndi chifukwa chokanira kulipira.

Pali chimodzi chimene chinasintha mokomera amisiri ngati iyeyu. Kuyambira pa 1 Julaye 2021, malangizo a Competition Commission amalola mwini galimoto yomwe idakali pa waranti kuchititsa sevisi kugalaja yoima payokha popanda kutaya waranti yonse. Madalawa amakondwera nazo, koma amaumirira pa kulemba. Galimoto iliyonse yotuluka m'manja mwawo imatuluka ndi lisiti losonyeza tsiku, mileji, mtundu wa oyilo ndi masipeya amene aikidwa, chifukwa tsiku la mkangano pepalalo ndi limene lidzayankhe.

Sikuti amaletsa anthu kutenga magalimoto oterewa. Waonapo abwino, osamalidwa, amene eni ake ntchito inangowathera. Amangofuna kuti zidutse pakhomo loyenera: banki ivomereze, ngongole yakale itsekedwe kapena wotengayo apatsidwe yake, galimoto ipite kukayezedwa kuti ipeze satifiketi ya roadworthy, dzina lisinthidwe pasanathe masiku 21. Mlendo wopanda chitupa cha South Africa amafunikanso kukhala ndi traffic register number kuti galimoto ilembedwe m'dzina lake.

"Abale anga amene mukufuna galimoto ya ngongole ya mnzanu, bwerani nayo kwa makaniko musanapereke dipoziti, ndipo mwini wakeyo abwere ndi kalata ya kubanki m'manja. Akakana chimodzi mwa ziwirizi, m'bwezereni makiyi ake."