Mabatani Awiri a Pambali

Mu Lusaka mumagulitsidwa nkoloko za mitundu iwiri zofanana ngati mapasa. Zonse zili ndi mabatani awiri pambali, lina pafupi ndi nambala 2, lina pafupi ndi 4, ndipo kumaso zili ndi timabwalo titatu. Ukakanikiza batani pa ina, muvi wautali umayamba kuthamanga. Pa inzake ungakanikize mpaka cala kuwawa, palibe cimene cicitika, cifukwa mabataniwo ndi okongoletsa cabe. Yoyamba ija ndiyo chronograph yeniyeni, ndipo mabatani ake pa nchito timawachula kuti mapusha. Ndakhala zaka zitatu ndikuphunzira kuwakonza pa kathebulo ka amalume anga, kufupi ndi City Market.

Nchito ya mabataniwa ndi yosavuta kumva. Lapamwamba limayambitsa muvi ndi kuuimitsa. Lapansi limaubwezera pa 12. Nkoloko ingathe kuuza nthawi bwino lomwe popanda iwo, koma nthawi imeneyo ndi ya anthu onse, ya basi ndi ya belu la kusukulu. Mabatani ndiwo amapatsa mwini nkoloko mphamvu yodula kacidutswa kake ka nthawi ndi kukayeza.

Dzina lake linacokera ku mpikisano. Mu 1821 Nicolas Rieussec wa ku France anapanga makina oyezera liwiro la mahachi, amene anali kudontheza inki pamalo pamene muvi wafika. Ndiye cifukwa dzinalo m'Cigiriki limatanthauza "colemba nthawi". Kampani ya Breitling ya ku Switzerland inaika batani lapadera pa nkoloko ya pamkono mu 1915, ndipo mu 1934 inawonjeza laciwiri lobwezera muvi. Mu 1970, combo ca Apollo 13 citaonongeka m'mlengalenga, amene anali m'katimo anayeza masekondi 14 oyatsira injini ndi Omega Speedmaster. Miyoyo ya anthu atatu inadalira cala ndi batani.

Kwathu kuno mabatani samwalira ndi ukalamba. Amaphedwa ndi fumbi la mu Ogasiti, thukuta la mu Okutobala ndi mvula ya mu Januwale. M'kati mwa batani muli kamtengo kacitsulo, sipuling'i ndi timphira tozungulira totseka madzi. Timphira tikauma, thukuta limalowa, dzimbiri limagwira sipuling'i, batani limauma kapena kuthothoka.

Umu ndi mmene inafikira nkoloko imene sindiiiwala. Anaibweretsa bambo wina wa ku Chawama, amene amaphunzitsa atsikana kuthamanga pa bwalo lafumbi kuseri kwa sukulu. Inali ya batire, yopangidwa ku Japan, yakale ndithu. Batani lapansi linali litagwa, panatsala dzenje. Lapamwamba linali louma gwa. Inali ya akulu awo amene anagwira nchito ku migodi ku Kitwe, ndipo ndi cinthu cokha cimene anatengako pa maliro. Kwina anawauza kuti angamatepo batani ndi guluu kuti izioneka bwino, mtengo wocepa, mphindi zisanu.

"Bakochi, nanga foni yanu siyeza nthawi?" ndinafunsa.

"Mwana wanga, pa foni maso amakhala pa galasi. Ine maso anga afunika kukhala pa mzere. Cala ndico cidziwe pokanikiza."

Anali ndi mtsikana wa mamita 400 amene anali kukonzekera mayeso osankhira othamanga, patatsala milungu iwiri. Popanda coyezera, mwanayo anali kungothamanga osadziwa ngati akupita patsogolo.

Coyamba pa nchito yotere ndi kucotsa mtima wa nkoloko. Umatsegula kumbuyo, kumasula kamtengo kosinthira nthawi, kutulutsa makina onse ndi kuwavundikira ndi kapu kuti fumbi lisagwepo. Umatsala ndi cigoba cacitsulo, cimene timati kesi. Apo umavala kagalasi pa diso n'kuyang'ana dzenje, pakuti mabatani amagwira m'njira zitatu. Ena ali ndi mazinga, amapotokoledwa ndi kacida ka mano kolingana nawo. Ena amagwidwa ndi kakilipu kooneka ngati C m'kati mwa kesi, kamene kakadumpha pansi sungakaonenso. Ena amangothinikizidwa m'dzenje, citsulo kugwira citsulo cinzake. Ya bakochi inali ya mtundu wacitatuwu, umene ulibe cifundo. Ukaika batani lalikulu mokakamiza, dzenje limakula ndipo palibe lina limene lidzagwirenso. Ukaika laling'ono, limagwa pa sabata. Makina angagulidwe ena, galasi lingasinthidwe, koma kesi ija ndiyo inakhudza khungu la malemu.

Ndinatulutsa batani louma polikankha kucokera m'kati, kesi nditaikhazika pa kathabwa kuti isakandike. Ndinatsuka maenje onse awiri ndi kamtengo kosongola ndi sipiriti mpaka dzimbiri linatha. Kenaka ndinayeza ndi vernier zinthu zitatu: kukula kwa dzenje, kukula kwa mutu wa batani ndi kutalika kwa kamtengo kake.

Zipangizo za nkoloko yakale ngati ija sizipezeka m'sitolo. Amalume ali ndi citini ca mabisiketi codzaza nkoloko zakufa, cimene amachula kuti kumanda. Tsiku loyamba ndinapezamo batani lokongola, loposa dzenje ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Ndinawaonetsa amalume. Analiyeza okha n'kulibwezera m'citini.

"Citsulo sicimva pepani," anatero. "Funa lina."

Anafunanso kuti tisinthe onse awiri ndi mabatani ocokera pa nkoloko imodzi, kuti cala cisamve kusiyana. Zinanditengera masiku awiri, kufufuza m'citini ndi kuzungulira kwa anzathu a nchito m'misewu ya Freedom Way ndi Cha Cha Cha. Pa nchito yathu zipangizo timasinthana monga amayi amasinthana mcere. Ndinapereka magalasi awiri, ndinalandira kesi yakufa yokhala ndi mabatani amoyo.

Kuika kwenikweni kumatenga nthawi yocepa, koma mpweya umaugwira. Timphira umatipaka girisi wa silicone pang'ono cabe. Mafuta a injini kapena a mashini yosokera amaononga mphira. Batani umaliimika molunjika pakamwa pa dzenje, n'kulithinikiza pang'onopang'ono ndi cothinira, mphamvu ikugwera pa thupi lake, osati pamutu umene umayenda. Likalowa mopendekeka, limadya mbali imodzi ya dzenje. Ndinamva likukhala pamalo pake, ndipo laciwiri linatsatira.

Panatsala kutalika. Kamtengo ka batani kayenera kuima pafupi kwambiri ndi kacitsulo kam'makina kamene kamakankha, koma osakakhudza. Kakatalika, nkoloko imaganiza kuti cala cili pompo nthawi zonse. Kakafupika, ukanikiza mphepo. Lapamwamba linali lalitali pang'ono. Ndinapala ndi tupa kawiri, kutsuka tizitsulo topalika, kubwezera makina ndi kuyesa. Ndinabwereza katatu. Tupa limacotsa cabe, silibwezera, ndiye suthamanga nalo.

Amalume anatenga nkoloko ija, maso atatseka. Anakanikiza lapamwamba, muvi unanyamuka. Anakanikizanso, unaima. Lapansi, unabwerera pa 12. Anacita zimenezi kakhumi osalankhula, kenaka anandipatsa kuti nditseke kumbuyo. Kwa amalume, kumeneko ndiko kuyamika.

Bakochi atabwera, ndinawauza zimene timauza aliyense. Musakanikize mabatani nkoloko ili m'madzi kapena yonyowa, cifukwa batani likayenda madzi amapeza njira. Mukacoka ku bwalo, ipukuteni thukuta. Batani likayamba kuuma, musalikakamize, bwerani nayo msanga. Iwo anali kumva ndi khutu limodzi. Maso anali pa minibasi imene inali kucoka pa kona, ndipo cala cinali kale pa batani kuyeza masekondi ake mpaka pa maloboti.

Anzanga a mukomboni amandiseka kuti ndinasankha nchito ya madala, yolimbana ndi tinthu tosaoneka pamene ena akukonza mafoni. N'zoona, ndalama ya mafoni imabwera msanga. Koma patapita milungu itatu ndinalandira uthenga wopanda moni, wokhala ndi manambala awiri cabe: nthawi yakale ya mtsikana uja ndi yatsopano, yocepa ndi sekondi imodzi ndi theka. Ndinauwerengera amalume. Iwo anali atamasula batani louma lija, akupukuta sipuling'i yake. Inali ikali yabwino. Anaikulunga m'kapepala, kulembapo kukula kwake, n'kuiponya m'citini.